Kanazale ka ma cactus ndi ma succulent cha ku Limbe: pitani ndithu, koma dothi lawo mukasinthe

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti timaluwa tonenepa masamba, tija amati ma succulent, tomwe tadzadza pakhonde panga ndimatitenga kuti, nde ndati bola ndingolemba kamodzi zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, za komwe ndimagula. Ndi kanazale ka mayi ena ake konkuno ku Blantyre, kali kuseri kwa nyumba yawo cha mbali ya ku Limbe, kalibe chikwangwani olo dzina, anthu amangouzana pakamwa ndi pa WhatsApp basi. Dzina la mayiwo sindilemba poti ndi pakhomo pawo. Maganizo anga ndi akuti pitani, makamaka ngati mukungoyamba kumene, chifukwa mayiwa amachidziwa chomwe akugulitsa ndipo sakunamizani kuti angopeza ndalama, koma mukafika kunyumba dothi lomwe lili m'mapoto mwawomo mulichotse mvula isanayambe, apo ayi pofika Febuluwale theka la zomwe mwagula zidzakhala zitaola.

Malo ake si aakulu ayi. Mukalowa pageti mumadutsa m'mbali mwa nyumba, kuseriko nde kuli shedi ya neti yobiriwira ija, pansi pake mabenchi a matabwa osanjikiza pa njerwa, mbali ina anakhomako malata a pulasitiki oonekera kuti mvula isamagwere zomera zomwe zimadana ndi madzi. Chomwe chinanditenga mtima si kuchuluka kwa maluwa, poti m'mbali mwa misewu ya mtauni muno anyamata ogulitsa maluwa ali ndi ambiri kuposa apa, koma kasanjidwe kake. Ma cactus enieni ali pa benchi yawoyawo. Ma euphorbia, abale ake a nkhadze, ali kwaokha kumapeto, pokwera, poti ana sangafikire. Ma aloe anawandandalika m'mbali mwa mpanda momwe dzuwa limaswera tsiku lonse, nde tating'onoting'ono tonga ma echeveria ndi ma haworthia tili mkati mwa shedi. Ukangoona zimenezi umadziwiratu kuti mwini wake sakungogulitsa zinthu za minga mwachisawawa.

Ndipo apa mpomwe pali kusiyana kwenikweni ndi kwina konse komwe ndinagulako. Kwinaku chilichonse cha minga amangoti cactus, kaya ndi chani. Mayiwa ndawamvapo akumuimitsa kasitomala yemwe ananyamula chomera chachitali cha nthiti zitatu, chokhala ndi timasamba m'mphepete, chija anthu amakonda kuimika pakhomo la ofesi, amvekere "Bambo, chimenecho si cactus, ndi m'bale wake wa nkhadze, chikathyoka musadzigwire m'maso, ndipo ngati kunyumba kuli ana okwawa tengani china." Chinali Euphorbia trigona, ndipo bamboyo anasiyadi n'kutenga chotchipirapo, kutanthauza kuti mayiwa anadziluzitsa okha ndalama ponena zoona. Ine zimenezi zimandikhudza chifukwa amene tinakulira komwe mipanda inali ya nkhadze tikudziwa zomwe utomoni woyera uja umachita ukalowa m'diso, munthu amatha kugona kuchipatala, nde kumagulitsa chinthu chotere kwa munthu wa ana osamuuza si bwino olo pang'ono.

Kusiyanitsa kwake sikovuta mukangodziwa poyang'ana. Cactus weniweni minga yake simangomera paliponse, imatulukira pa kakhushoni kakang'ono kaubweya, koyera kapena kachikasu, odziwa amakatcha areole, ndipo maluwa ndi tinthambi tatsopano timatulukiranso pomwepo. Euphorbia alibe kakhushoni kameneka, minga yake kawirikawiri imakhala iwiriiwiri yotuluka pa tsinde penipeni, ndipo mukamukanda pang'ono amatuluka mkaka. Koma musadalire mkaka wokhawo, ma Mammillaria ena omwe ndi ma cactus enieni amatulukanso timadzi toyera, nde chotsimikiza ndi areole basi. Ma cactus onse kwawo ndi ku America, kuyambira kumtunda ku Canada mpakana kumunsi ku Argentina, mtundu umodzi wokha ndi womwe umapezeka mwachilengedwe kuno ku Africa ndi ku Madagascar ndi ku Sri Lanka, dzina lake Rhipsalis baccifera, ndipo uwu suoneka n'komwe ngati cactus, umalendewera m'mitengo ndi m'miyala tizingwe tobiriwira topanda minga. Nde zimitengo zija zotambasula manja m'mwamba zomwe mumaziona ku Liwonde, alendo n'kumazijambula kuti cactus wa ku Malawi, ndi ma euphorbia. Kaloga yemwe tinamuzolowera m'midzimu nde ndi cactus weniweni, koma naye ndi wobwera, kwawo ndi ku Mexico.

Chimodzimodzi aloe ndi agave, anthu amasokoneza kwambiri. Agave ndi wa banja la khonje, tsamba lake mkati muli ulusi, kunsonga kuli munga umodzi wolimba woti ungakubooleni mpakana magazi, amachita maluwa kamodzi kokha pa moyo wake kenako chitsa chachikulucho chimafa n'kusiya ana m'mbali. Aloe tsamba lake mukalithyola mkati muli zonanda, minga yake ndi tim'mano ta m'mphepete, ndipo amachita maluwa chaka ndi chaka. Mayiwa amanenetsanso kuti si aloe aliyense amene ndi alovera, ndipo amakana kugulitsa kwa munthu yemwe wabwera kuti akufuna wokamwa m'mimba, amati ine ndimagulitsa maluwa osati mankhwala. Ndinagwirizana nazo zedi, chifukwa ma aloe alipo mitundu mazanamazana ndipo ena ndi oopsa kumwa, olo alovera weniweniyo timadzi tachikasu ta pansi pa khungu timatsegula m'mimba koopsa.

Tsopano pa zoti mugule. Panazalepa pali zinthu za mitundu iwiri, zomwe mayiwa amachulukitsa okha pakhomopo ndi zomwe amaitanitsa kunja, makamaka ku South Africa. Ine ndikuti ndalama zanu muike pa zoyambazo. Zinabadwira mu nyengo yathu ino, zinaona kale chiperoni ndi dzuwa la Okutobala, ndipo mtengo wake ndi wa munthu wamba. Jade, uja Crassula ovata wa timasamba tobulungira tonyezimira, ali nawo ambiri ndipo ndi olimba, tsinde lake lonenepa bwino osati zowonda zokula mothamangitsidwa ndi feteleza. Pambali pake pali Portulacaria afra yemwe anthu amamusokoneza ndi jade, kusiyana kwake iyeyu masamba ndi aang'ono ndipo tinthambi ndi tofiirira, kwawo ku South Africa njovu zimadya ameneyu. Kwa okhala m'nyumba za lendi zopanda khonde lalikulu, kapena ofuna ka pa desiki ku ofesi, tengani haworthia wa mizere yoyera uja kapena gasteria kapena snake plant, amenewa amapirira mthunzi. Echeveria musamuike pa desiki ndakupemphani, ndi wa ku Mexico, amafuna kuwala kochuluka, mukamutsekera m'nyumba pakangopita masabata ochepa amayamba kutalika kusakasaka dzuwa, masamba kutalikirana, mtundu kusuluka, kaduwa kokongola kaja kutheratu, ndipo akatalika watalika sabwereranso, pokhapokha mumudule mutu n'kuubzalanso. Mayiwa amakufunsani kaye kuti mukakaika pati musanalipire, funso laling'ono koma limapulumutsa zomera zambiri.

Mbali ya ma cactus, ma Mammillaria awo ndi abwino kwambiri, amachita timaluwa tapinki tozungulira kumutu, ndipo sachedwa kubereka ana. Ali ndi golden barrel angapo, uja wozungulira wa minga yachikasu, odula ndithu koma m'pomveka poti amakula pang'onopang'ono, woti akwane m'manja awiri ndiye kuti watha zaka. Kwawo ku Mexico anatsala ochepa kutchire, malo ake ambiri anamizidwa ndi damu la Zimapán m'zaka za m'ma 1990, omwe ali m'mapoto padziko lonse lapansi ndi ochita kufesa. Womwe sindimulimbikitsa kwa a ana ndi Opuntia microdasys, uja amati makutu a kalulu. Amaoneka wofatsa, wopanda minga yaitali, timadontho tachikasu basi, koma timadontho timeneto ndi timinga tosaoneka bwino tomwe timathothoka mukangokhudza ndipo timalowa pakhungu n'kumayabwa tsiku lonse, kuchotsa kwake mpakana selotepi. Uyu anamuika pa benchi yapansi pafupi ndi polowera, pomwe aliyense amadutsa mokhudza, ndipo apa ndiye sanaganize bwino.

Tebulo la zobwera kunja ndi lomwe ndili nalo mawu. Pali timipira tija tofiira, tachikasu ndi tapinki tokhala pamwamba pa katsinde kobiriwira, moon cactus, ndipo ndi tomwe timayenda malonda kwambiri poti timakongola pa chithunzi. Anthu ambiri sadziwa kuti zimenezi ndi zomera ziwiri zolumikiza. Kapamwambako ndi Gymnocalycium mihanovichii, mtundu wake ndi wa ku Paraguay koma kofiira kameneka anakatulutsa ndi alimi a maluwa a ku Japan, kalibe zobiriwira zija zomwe chomera chimapangira chakudya nde pakokha sikangakhale moyo, kamayamwa kwa kapansiko komwe ndi tsinde la cactus wina wobereka chipatso chotchedwa dragon fruit. Awiriwa sakula mofanana, kapansi kamafuna kuthamanga kapamwamba kamachedwa, nde polumikizira paja pamayamba kulekana, pakatha chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu kamafa olo mukasamale bwanji. Mayiwa mukawapeza okha amanena zimenezi poyera, amati "Achemwali, aka ndi ka mphatso, sika muyaya." Vuto ndi loti nthawi zambiri masana amasiyapo mnyamata wothandiza, mwana wabwino waulemu, amanyamulira anthu katundu mpakana kumsewu, koma iyeyu chilichonse amangoti "Ichi anti sichifa, madzi kamodzi pa sabata." Kamodzi pa sabata kwa chilichonse, kaya ndi lithops kaya ndi jade. Lithops, timiyala tamoyo tija ta ku Namibia ndi South Africa, mukatithirira kamodzi pa sabata timaphulika n'kusungunuka, makamaka nthawi yomwe tikusintha masamba pomwe sitifuna dontho olo limodzi. Nde ngati mukupita, imbani kaye mudziwe ngati mayiwo alipo.

Pa tebulo lomwelo ndinapezanso ma cactus omata maluwa ouma ndi guluu, ndi ma echeveria opopera penti ya buluu ndi yonyezimira. Izi zimabwera choncho kuchokera komwe amaoda, koma ine ndikanakonda akanangozikana. Duwa lomata mumalidziwa, limakhala louma lokhakhala, silifota miyezi ndi miyezi, ndipo pansi pake mumaona guluu atauma, pomwe duwa lenileni la cactus limatha masiku ochepa, ena usiku umodzi wokha. Guluuyo amaononga pomera, penti nayo imatseka tsamba kuti lisalandire kuwala. Nditawauza anavomera kuti nawonso sazikonda koma pa Valentine ndi pa tsiku la anakubala ndi zomwe anthu amafunsa. Ndikumvetsa kuti ndi bizinesi, komabe munthu wodziwa zomera ngati iwowa sizikuwakhala.

Nde tibwere ku dothi, nkhani yaikulu. M'mapoto ambiri amaika dothi lakuda la kudimba losakaniza ndi manyowa ndi mchenga pang'ono. Pansi pa malata awo aja zimayenda bwinobwino chifukwa mvula sifika ndipo amadziwa pothirira, komanso dothi lachonde limakuzitsa msanga kuti agulitse. Koma inu mukatenga poto yemweyo n'kukamuika pakhonde loti mvula ya Januwale imawaza masiku atatu osalekeza, dothi limeneli limasunga madzi, mizu imasowa mpweya, kuola kumayambira pansi osaoneka, mukamadzaona tsinde lafewa lada ndiye kuti zatha kale. Ma succulent ambiri anapangidwa mwa mtundu wina, masana amatseka timabowo ta pakhungu kuti madzi asathawe, amatsegula usiku kukazizira n'kutenga mpweya, n'chifukwa chake amamwa pang'ono ndipo amakula pang'onopang'ono, madzi ochuluka m'dothi alibe nawo kopita. Ine kusakaniza kwanga ndi kwa zinthu zopezeka paliponse, mchenga wokhakhala wa kumtsinje wosefa kuchotsa fumbi, osati wosalala uja wopakira pulasitala poti umagwirana ukauma, kenako njerwa zootcha zophwanyaphwanya kapena timiyala tating'ono ta kwale, makala ophwanya pang'ono, ndi kompositi wakupsa bwino. Zokhakhalazo zikhale magawo awiri, kompositi gawo limodzi, kwa ma cactus ndimachepetsanso kompositiyo. Kuyesa kwake, thirani madzi, akuyenera kutulukira pansi pompopompo, ndipo mukafumbata dothi lonyowalo m'manja lisaumbike. Mukasintha dothi musathirire tsiku lomwelo, dikirani sabata kuti mizu yomwe yaduka ipole. Cactus pomugwira pindani nyuzipepala kangapo mumukulunge, magolovesi a nsalu minga imadutsa.

Chosangalatsa n'choti mayiwa sanakwiye nditawauza za dothili. Anati mchenga wabwino kuufikitsa pakhomo ndi ndalama, koma panopa mukawauziratu amakusakanizirani lokhakhala n'kukubzalirani pamtengo woonjezera pang'ono, ndipo lomwe anandipangira linali labwinodi. Chomwe ndikudandaula n'choti munthu watsopano sangadziwe kuti akuyenera kupempha.

Mapoto ali nawo a pulasitiki, a simenti ndi a dothi owumba. Tengani a dothi osapaka penti, amapuma, dothi limauma msanga. Tiziwiya tokongola tonga makapu ndi timagalasi tomwe amabzalamo za mphatso tambiri tilibe bowo pansi, ndipo nkhani yoti mukaika miyala pansi madzi sasautsa si yoona, madzi amangokhala momwemo. Tembenuzani poto muone bowo musanalipire. Ndipo mapoto musawakhazike pa dothi penipeni, chiswe chimalowera pabowo lomwelo, ikani pa njerwa kapena pa benchi.

Kathiriridwe amafotokoza bwino ndipo ndimagwirizana nawo, palibe za kalendala, mumathira ambiri mpakana atulukire pansi kenako mumasiya mpakana dothi liume lonse, mukhoza kubaya kamtengo mpakana pansi n'kuona ngati katuluka konyowa. Kuno ku Blantyre nthawi zoopsa ndi zitatu. Dzinja aliyense amalidziwa, koma chiperoni cha Juni ndi Julayi anthu amachiderera, kamvula kowaza kozizira masiku angapo dzuwa osatuluka, zomera zambiri zili mtulo sizikumwa, nde kuzizira kuphatikiza chinyezi ndi komwe kumaoletsa, nthawi imeneyi ine ma cactus ndimangowasiya ouma. Yachitatu ndi Okutobala, chomera chomwe chakulira pansi pa neti mukachitenga n'kuchiika pa dzuwa la masana tsiku lomwelo chimapsa, zipsera zoyera kapena zofiirira zomwe sizichoka. Muzichizoloweretsa pang'onopang'ono, dzuwa la m'mawa kaye. Ndipo kaufa koyera ka pa masamba a echeveria si fumbi, ndi chitetezo chake ku dzuwa, musakapukute.

Pa tizilombo sindingabise, pa ngodya ina ya shedi ndinaona mealybug, tizilombo toyera taufa tobisala m'makona a masamba, ndipo jade wina yemwe ndinagula anabwera nato ku mizu. Ndinawatumizira chithunzi, sanatsutse olo kuyamba zoti mwina mwatitenga kwanu, anangoti bweretsani tisinthe, ndipo anasinthadi. Apa ndiwayamikire. Komabe chilichonse chatsopano, kaya mwagula kuti, chiikeni pachokha masabata awiri kapena atatu musanachisakanize ndi zinzake. Mukatipeza tochepa, kathonje kotokosera m'makutu koviika mu sipiliti kamatha ntchito, mumangotikhudza n'kufa, muzichita madzulo osati pa dzuwa. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa poto fufuzani, zimatsata timadzi totsekemera ta tizilomboti ndipo zimatisamutsa kupititsa pa chomera china.

Koma chifukwa chachikulu chomwe ndimabwererabe kwa mayiwa ndi nkhani ya ma aloe athu. Malawi ali ndi ma aloe akeake okongola kwabasi omwe ambirife sitiwadziwa. Aloe cameronii masamba ake amafiira psuu m'chilimwe akakhala pa dzuwa ndi pouma, nthawi yozizira n'kutulutsa maluwa omwe timbalame tamilomo yaitali tija sitichokapo. Aloe mawii amamera m'matanthwe a phiri la Zomba, amakula ndi tsinde, ndipo maluwa ake amagona chopingasa m'malo moloza kumwamba. Kulinso Aloe mzimbana yemwe dzina lake linachokera ku Mzimba, ndi Aloe buchananii wa m'mapiri a kummwera kuno. Nde poti anthu ayamba kukonda zomera zimenezi, kwabuka anthu okwera m'mapiri kukazula n'kumagulitsa m'misewu, mumawadziwa, chomera chachikulu chokalamba, masamba a zipsera, mizu yodukaduka, chongokwiriridwa mu jumbo dzulo lake. Zambiri zotere zimafa pakangopita miyezi, ndipo pathanthwe pomwe chinakhala zaka makumi pamatsala mbee. Phiri la Zomba ndi la Mulanje ndi nkhalango zotetezedwa, kuzulamo zomera popanda chilolezo n'kulakwira lamulo, ndipo potulutsa kunja ma cactus ambiri, ma euphorbia onenepa ambiri ndi ma aloe onse kupatula alovera ali pansi pa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire pakati pa mayiko, pamafunika mapepala. Ku South Africa zinafika poipa, anthu akhala akumangidwa chifukwa chozula ma Conophytum ndi tizomera tina ta ku Namaqualand totumiza kunja, mitundu ina yatsala pang'ono kutheratu kutchire. Ine sindikufuna tidzafike kumeneko. Mayiwa ndinawaona ndi maso anga akubweza munthu yemwe anabwera ndi thumba la ma aloe ozula, ndipo awo onse ndi a ana ophukira m'mbali mwa makolo omwe ali pampanda paja, kapena ofesa, amakuonetsani thireyi ya timbande. Amakhala aang'ono, muyenera kudikira kuti akule, koma mizu yake ndi yathunthu ndipo amagwira. Chimodzimodzi desert rose, duwa lija la tsinde lonenepa, omwe amagulitsa ndi olumikiza a maluwa ambirimbiri ochokera kwa alimi, osati Adenium multiflorum wa kutchire yemwe amamera kumadera otentha a kuchigwa cha Shire. Ameneyunso utomoni wake ndi poizoni, samalani ndi ana ndi agalu. Ofuna kuona zomera zathu zili ndi mayina ake olondola, ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens, ndi koyenera kukayendako.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi ndi zomwe ife timataya. Kalanchoe uja wobereka tiana m'mphepete mwa tsamba, mother of thousands, wa ku Madagascar, amakupatsani ngati basera mukagula zambiri, koma dziwani kuti kalikonse kogwa pansi kamamera, chaka chimodzi ali m'mapoto monse ndi m'ngalande, ndipo ndi poizoni ku ng'ombe ndi mbuzi. Kaloga ndi abale ake nawo chidutswa chimodzi chotayidwa kudzala chimagwira, ku Laikipia ku Kenya Opuntia stricta anadzadza malo odyetsera ziweto mpakana abusa kulira. Zodula zanu musaponye kuseri kwa mpanda, ziumitseni muotche. Izi mayiwa sanena kwa makasitomala ndipo ndikanakonda basera wawo akanakhala tsamba la echeveria kapena la jade, lomwe munthu amangoligoneka pa mchenga wouma masiku angapo kuti bala liume, kenako lokha limatulutsa timizu ndi kamwana.

Mayina pa mapoto nde ndi penapake pofooka. Amalemba ndi maka pa tizidutswa ta pulasitiki, dzuwa limafufuta mwezi usanathe, ndipo ambiri alibiretu, dzina lili m'mutu mwa mayi basi. Pensulo wamba pa pulasitiki yoyera amakhalitsa kuposa maka, ndinawauza. Ma app apafoni ojambula chomera amathandiza kukulozerani banja lake, koma pa ma echeveria osakaniza mitundu ndi ma cactus aang'ono osachita maluwa ndi povuta ngakhale kwa akatswiri, nde funsani dzina pomwepo mulembe mufoni, ndipo chikadzachita maluwa mujambule, duwa ndi lomwe limatsimikiza.

Mitengo sindilemba manambala poti ikusinthasintha, chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 zobwera kunja zinakwera koopsa ndipo zikukwerabe. Zochulukitsa okha ndi zotsika kuyerekeza ndi m'mashopu akuluakulu a mtauni, nthawi zina zimakwererapo pang'ono kuposa za m'mbali mwa msewu, koma ine ndimaona kuti kusiyanako mukulipira dzina lolondola ndi malangizo. Kunenerera kulipo mukatenga zingapo. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, zomwe zili bwino chifukwa chenji pamakhala palibe. Amatumiza ndi kabaza mkati mwa Blantyre, zolimba ngati jade ndi aloe zimafika bwino, koma ma echeveria omwe ananditumizira anafika masamba ena atathothoka ndi dothi litakhuthukira m'katoni, misewu yathu mukuidziwa, nde zosalimba kazitengeni nokha, mutenge katoni yanu ndi manyuzipepala opanikizira m'mbali. Loweruka m'mawa kumadzadza ndipo mayiwo sapeza mpata wofotokoza, bola mkati mwa sabata chakumadzulo, Lamulungu satsegula. Nthawi yabwino yogula ndi Ogasiti kapena Seputembala, kuzizira kutatha, kuti zomera zigwire m'dothi latsopano mvula isanabwere. Ofuna Christmas cactus, yemwe kwawo ndi m'nkhalango za m'mapiri a ku Brazil ndipo kuno amachita maluwa cha mu Meyi ndi Juni osati pa Khirisimasi, muwauziretu msanga chifukwa amakhala nawo ochepa ndipo akangoyamba maluwa amatha sabata yomweyo, ndipo ameneyu yekha musamuike mu dothi la mchenga wokhawokha kapena pa dzuwa la masana, amafuna mthunzi ndi chinyezi pang'ono.